Kubetcha pa river uli woyamba kusewera: mafunso omwe osewera poker amafunsa kawirikawiri

Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene malamulo a Texas Hold'em akuwadziwa kale, koma ndalama zikuwathawirabe pa khadi lomaliza. Zitsanzo zonse ndi za No-Limit Hold'em. Pokhapokha pomwe tanena mwina, mwatsala awiri: inu ndi mnzanu amene amasewera pambuyo panu.

Kodi river n'chiyani, nanga early position ndi mpando uti?

Aliyense amalandira makhadi awiri obisika, kenako wogawa amayala makhadi asanu pakati pa tebulo: atatu oyamba ndi flop, lachinayi ndi turn, lachisanu ndi river. River ikagwa, palibenso khadi lina loyembekezera. Amene ali patsogolo ali patsogolo basi, ndipo chatsala n'kudziwa kuti ndalama zilowa zingati mu poto, komanso ndani ataye makhadi ake asanaonetse.

Flop isanabwere, woyamba kusewera ndi amene wakhala kumanzere kwa big blind (small blind ndi big blind ndi anthu awiri omwe amakakamizidwa kuika ndalama makhadi asanagawidwe), mpando womwe amautcha under the gun kapena UTG. Mpando umenewu pamodzi ndi yotsatira pafupi nawo ndiyo early position. Flop ikangoyalidwa dongosolo limasintha: amayamba ndi small blind, kenako big blind, kenako UTG, mpaka womaliza amene ali pa button, mpando woimira wogawa. Choncho pa river dzina la mpando lilibe ntchito kwenikweni. Chofunika n'chakuti mwa anthu omwe atsala, ndani akuyamba. Ngati ndinu, zonse zili patsambali zikukukhudzani.

Chimavuta n'chiyani kwenikweni ukakhala woyamba?

Womaliza akagogoda tebulo, kutanthauza check, masewera athera pomwepo ndipo makhadi amaonetsedwa ulere. Inu mukagogoda, simunatseke kanthu. Mwangopereka mpata kwa mnzanu kuti asankhe yekha: abetche pamene wakuposani, agogode pamene mwamuposa, kapena akuopsezeni ndi makhadi opanda pake. Mfundo imeneyi ndiyo phata la mayankho onse otsatirawa.

N'chifukwa chake funso lakuti "ndibetche kapena ayi" n'losakwanira. Mukabetcha, dziwiranitu ngati mudzalipire kapena kutaya akakukwezani. Mukagogoda, dziwiranitu ngati mudzalipire, kutaya, kapena kukweza iye akabetcha. Njira zilipo zisanu, ndipo imodzi musankhe dzanja lisanafike pa ma chip. Anthu ambiri amagogoda chifukwa cha mantha, mnzawo n'kubetcha, iwo n'kuyamba kuganiza nthawi itatha kale, ma chip a mnzawo ali patsogolo pawo ngati ngongole.

Ndingadziwe bwanji kuti makhadi anga ndi oyenera kubetcha kuti ndilipidwe?

Tchulani mumtima makhadi enieni omwe ndi ochepera anu koma angalipire. Ngati simungatchule ngakhale awiri, beti yanu si yofuna kulipidwa.

Nachi chitsanzo. Muli pa UTG ndi A♥K♦, mwakweza, wa pa button walipira. Flop yabwera K♠9♠4♦, mwabetcha, walipira. Turn ndi 2♣, mwabetchanso, walipiranso. River ndi 7♥. Patebulo limeneli flush (makhadi asanu a mtundu umodzi) singatheke chifukwa ma spade ndi awiri okha, ndipo straight (makhadi asanu otsatizana) singathekenso. Tsopano werengani. Ma K atsala awiri, poti ina ili patebulo, ina muli nayo inu. KQ ingapangike m'njira 8, KJ m'njira 8, zonse pamodzi 16, ndipo onsewo mwawaposa. Okuposani ndi monga 99 ndi 44, iliyonse m'njira 3 zokha, komanso ambiri akadakhala atakweza kale pa flop kapena pa turn poopa ma spade aja. Apa betchani, ndipo musabetche monyinyirika.

Kwa ine, apa ndi pomwe osewera a matebulo ang'onoang'ono amataya ndalama zambiri osazindikira. Amagogoda ndi AK yomweyi, mnzawo wa KJ n'kugogodanso mosangalala, iwo n'kutenga poto akumwetulira. Sadziwa kuti beti yathunthu yatsala m'thumba la mnzawo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndalama yomwe simunaipemphe siioneka pomwe mwaluza, koma pakutha pa mwezi imasowa chimodzimodzi.

Nanga khadi lomaliza likakhala loopsa?

Tengani chitsanzo chomwecho, koma river ikhale Q♠. Khadi limodzi lasintha zitatu: amene amadikira spade wapeza flush, wa JT (J ndi 10) wapeza straight yochokera pa 9 kufika pa K, ndipo KQ yasanduka mapeya awiri. Mwa makhadi omwe mumayembekezera kuti akulipireni, pafupifupi theka akuposani tsopano. AK yanu yatsika kukhala yapakatikati: ikuposa bluff iliyonse (kubetcha ndi makhadi opanda pake pofuna kuopseza), koma makhadi ambiri olipira beti yaikulu akuiposa.

Komabe musaope khadi chifukwa choti likuoneka loopsa ndi maso. Funsani kuti lathandiza ndani. A ikagwa pa river, imakomera kwambiri amene anakweza ali pa UTG, chifukwa iye ndiye amakhala ndi AK ndi AQ kawirikawiri. Khadi laling'ono lolumikiza monga 6 patebulo la 8-7-3 limakomera amene anangolipira ali pa big blind. Chochita ndi makhadi apakatikati chili m'mafunso awiri otsatirawa.

Ndinamva kuti ndizibetcha pokhapokha ngati ndipambane koposa theka la nthawi zomwe andilipira. Kodi n'zoona?

N'zoona kwa womaliza kusewera, chifukwa iye akapanda kubetcha amaona makhadi ulere. Kwa woyamba lamuloli silikwanira, pa chifukwa chomwe tafotokoza m'funso lachiwiri. Inu muyerekeze kubetcha ndi zomwe zingachitike mukagogoda, osati ndi kuonetsa makhadi ulere.

Tiyerekeze kuti mu poto muli 100, ndipo zomwezi zachitika kakhumi. Maulendo 6 mnzanu wakuposani, maulendo 4 ali ndi peya yofooka. Mukagogoda, amabetcha 70 ndi makhadi abwino onse 6, komanso ndi atatu mwa ofooka aja pofuna kukuthamangitsani. Mukamataya nthawi zonse akabetcha, mudzatenga poto kamodzi kokha: 100. Mukamalipira, mudzapeza 170 katatu, 100 kamodzi, n'kuluza 70 kasanu ndi kamodzi: zotsala ndi 190. Koma mukayamba inu kubetcha 30, iye n'kulipira ndi onse, mudzapeza 130 kanayi n'kuluza 30 kasanu ndi kamodzi: zotsala ndi 340. Mwapambana maulendo 4 okha pa 10, komabe njira yobetcha ndiyo yabweretsa zambiri.

Manambalawa ndi ongoyerekeza, ndipo akasintha khalidwe la munthuyo, yankho limasinthanso. Akakhala wosachita bluff ngakhale pang'ono, kugogoda n'kutaya akabetcha kumakupatsani 400, kuposa 340 uja.

Ndiye beti yaing'ono ija amati blocking bet ndi imeneyi?

Ndi imeneyi. Mumaika pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a poto, kuti mtengo woonetsera makhadi muutchule inu, osati mnzanu. Ndi chida cha woyamba kusewera. Womaliza sachifuna kwenikweni poti angathe kungogogoda.

Vuto lake ndi limodzi, koma lalikulu. Ngati mumabetcha pang'ono pokhapokha muli ndi makhadi apakatikati, wosewera watcheru adzaziona, ndipo adzayamba kukukwezani ndi chilichonse podziwa kuti mutaya. Mankhwala ake n'kusakanizamo makhadi amphamvu kwambiri mwa apo ndi apo. Mukabetcha 30 muli ndi set (makhadi atatu ofanana: awiri a m'manja mwanu ndi limodzi la patebulo), wokweza uja amagwera m'mbuna yake yomwe. Kwa anthu omwe sakweza pokhapokha ali ndi zenizeni, musadzivutitse n'kusakaniza: betchani pang'ono, akakweza tayani.

Ndibetche zingati?

Kukula kwa beti kumauza mnzanu mtengo. Mukabetcha gawo limodzi mwa atatu a poto, iye ayenera kupambana 20 peresenti ya nthawi kuti kulipira kwake kusakhale kotayitsa. Mukabetcha theka, 25 peresenti. Poto yense, 33 peresenti. Kuwirikiza poto kawiri, 40 peresenti. Kawerengedwe kake n'kosavuta: ndalama yomwe akulipira muigawe ndi poto yense iye atalipira kale.

Potengera izi, makhadi apakatikati amafuna beti yaing'ono, kuti ofooka ambiri athe kulipira. Makhadi amphamvu kwambiri, pamodzi ndi bluff, amafuna beti yaikulu. Beti yoposa poto imagwira bwino pamene inu mungakhale ndi makhadi apamwamba kwambiri pomwe mnzanu sangakhale nawo, mwachitsanzo ngati anangolipira njira yonse patebulo lomwe wamphamvu akadakweza.

Chinthu chimodzi chomwe ambiri amaiwala: beti ya pa river imakonzedwa pa turn. Musanabetche pa turn, onani kuti poto adzakhala wochuluka bwanji akalipira, ndipo inu mudzatsala ndi zingati. Kufika pa river ndi ma chip ochepa kwambiri poyerekeza ndi poto kumakulandani mphamvu yoopseza aliyense.

Kodi bluff imagwira uli woyamba? Ndichite kangati?

Imagwira, ndipo woyamba ali ndi chifukwa chapadera choichitira: makhadi opanda pake sangapambane mukagogoda, ndipo mnzanu akabetcha simungalipire. Kale mu 1944, katswiri wa masamu John von Neumann anasonyeza pogwiritsa ntchito poker yophweka ya anthu awiri kuti woyamba ayenera kubetcha ndi makhadi ake abwino kwambiri komanso oipitsitsa, n'kugogoda ndi apakati. Bluff ichokere pansi penipeni. Peya yaing'ono yomwe ingapambane yokha musaiwononge.

Kuti bluff ya theka la poto ibweze ndalama zake, mnzanu ayenera kutaya kamodzi pa katatu. Ya poto yense, kamodzi pa kawiri. Ngati mukufuna kuti munthu waluso asakuwerengeni, pa beti ya poto yense pakhale bluff imodzi pa ma beti awiri enieni. Pa theka la poto, imodzi pa atatu enieni. Koma amene salola kutaya peya iliyonse musamuchite bluff n'komwe. Muzingomulipiritsa monga tanenera m'funso lachitatu.

Chinanso, nkhani yanu imveke. Ngati munagogoda pa turn pomwe flush imatheka kale, kenako pa river mukubetcha ngati muli nayo, woganiza bwino adzafunsa kuti bwanji simunabetche poyamba.

Ndi makhadi ati abwino kuchitira bluff?

Omwe akutsekereza makhadi olipira a mnzanu, osatsekereza otaya. Patebulo pali ma spade atatu, inu muli ndi A♠ yokha: mukudziwa kuti iye alibe flush yapamwamba kwambiri, choncho beti yaikulu ili ndi msana.

Pali pena pomwe anthu amasokonezeka. Flush ikalephera kubwera, ambiri amaona ngati ma spade awo awiri olepherawo ndiwo oyenera bluff. Koma amene mukufuna kuti ataye ndi uja amadikiranso spade. Mukakhala ndi ma spade awiri inuyo, mwayi woti iye ali ndi oterowo wachepa, ndipo watsala ndi mapeya omwe amalipira. Straight yolephera yopanda spade nthawi zambiri imakhala yabwinopo. Kumbukiraninso kuti odikira flush pa turn amaipeza maulendo 9 okha pa 46, kutanthauza pafupifupi kamodzi pa kasanu, choncho makhadi olephera amakhala ambiri pa river kuposa momwe mantha amatiuzira.

Ndili ndi makhadi amphamvu zedi. Ndibetche kapena ndigogode kuti ndidzakweze?

Check-raise, kutanthauza kugogoda kenako n'kukweza iye akabetcha, imakoma ikatheka, n'chifukwa chake anthu amaikonda kuposa momwe imalipirira. Yerekezani: mukabetcha 70, akulipirani maulendo 6 pa 10, mwapeza 420. Mukagogoda, iye abetcha 70 maulendo 3 okha, ndipo mukakweza kufika 200 alipira kamodzi: mwapeza 340. Maulendo 7 otsalawo wangogogoda, inu n'kuonetsa makhadi okongola osalandira kanthu.

Gogodani pamene pali chifukwa chomveka choti abetcha. Mwina ndiye wakhala akubetcha pa flop ndi pa turn. Mwina makhadi ambiri omwe amadikira alephera, ndipo ndi munthu wokonda kuopseza akaona kufooka. Mwinanso makhadi anu akutsekereza omwe akadalipira, monga pamene muli ndi KK patebulo la K, pomwe kwatsala K imodzi yokha yoti iye n'kukhala nayo. Kwa munthu wofatsa, wongolipira, betchani nokha.

Palinso phindu lina: mukamagogoda ndi makhadi amphamvu nthawi zina, check yanu imasiya kukhala chizindikiro chogonja. Izi zimafunika kwa anthu omwe mumasewera nawo kawirikawiri.

Ndagogoda, iye wabetcha. Ndilipire?

Yambani ndi mtengo, pogwiritsa ntchito manambala a m'funso la kukula kwa beti. Kenako dzifunseni: ndi makhadi ati opanda pake omwe angafike nawo pano atasewera momwe waseweramu? Ngati alipo okwanira mtengowo, lipirani. Ngati mukuvutika kupeza ngakhale amodzi, tayani ngakhale makhadi anu akuoneka bwino.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha 2003 pa World Series of Poker Main Event ku Binion's Horseshoe mu Las Vegas, atatsala awiri mwa anthu 839. Sam Farha anali ndi Q♠9♥, Chris Moneymaker anali ndi K♠7♥. Patebulo panali 9♠2♦6♠ kenako 8♠. Farha anabetcha pa turn, Moneymaker anakweza, Farha analipira. River inali 3♥. Farha anagogoda, Moneymaker anakankha ma chip ake onse alibe ngakhale peya, ndipo Farha ataganiza nthawi yaitali anataya peya yake ya 9, yomwe inali patsogolo. Moneymaker anapitirira mpaka kutenga madola 2.5 miliyoni.

Sindiona kuti Farha anachita zopusa. Patebulo panali ma spade atatu ndi straight zingapo zotheka, ndipo mpikisano wake wonse unali pachiswe. Chomwe chimandiphunzitsa n'chakuti 3♥ sinasinthe chilichonse: amene anali patsogolo pa turn anali patsogolobe, ndipo pafupifupi onse odikira khadi analephera. Mukalipira pa turn muli woyamba kusewera, dziwiranitu chomwe mudzachite river yopanda kanthu ikagwa, chifukwa ndi yomwe imagwa kawirikawiri.

Ndabetcha, iye wandikweza. Nditani?

Pa matebulo ang'onoang'ono, kukweza pa river nthawi zambiri kumatanthauza makhadi enieni. Anthu ochepa ndiwo ali ndi mtima wochita bluff pamenepa. Peya imodzi, ngakhale yapamwamba, itayeni pokhapokha ngati munthuyo mwamuonapo akuchita zimenezi ndi makhadi opanda pake. Ndalama zomwe mwaika kale si zanunso, ndi za poto.

Ndipo kuopa kukwezedwa kusakuletseni kubetcha. Ngati akukweza pokhapokha atakuposani, kukwezako kukuuzani zoona, ndipo mwaluza beti imodzi yokha yomwe mukadaluzabe mutagogoda n'kulipira.

Iye ndiye wakhala akubetcha kuyambira pa flop. Kodi n'kulakwa kuti ine ndiyambe kubetcha pa river?

Kwa zaka zambiri kachitidwe kameneka kankanyozedwa, mpaka kukapatsa dzina lakuti donk bet. Mu 2019 pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Pluribus, yomwe inagonjetsa akatswiri pa tebulo la anthu asanu ndi mmodzi, inkachita zimenezi kawirikawiri kuposa akatswiriwo. Sikuti muzichita mwachisawawa. Malo ake ndi pamene river yakomera inu kuposa iye, ndipo yamuopsa moti akhoza kugogoda ndi makhadi omwe akadalipira. Muli pa big blind ndi 65, patebulo pali K-7-4-J, river n'kubwera 8: mwapeza straight, ndipo wa AK atha kungogogoda mukamupatsa mpata. Betchani nokha. Pa river yosasintha kanthu, musiyeni apitirize nkhani yake.

Zimasintha bwanji tikakhala atatu kapena anayi?

Zonse zimalimba. Bluff iyenera kudutsa anthu awiri kapena atatu: ngati aliyense amataya theka la nthawi, awiri onse amataya pafupifupi kamodzi pa kanayi kokha. Makhadi obetchera kuti mulipidwe akhalenso amphamvu kuposa pomwe muli awiri. Mukagogoda, wina n'kubetcha, wachiwiri n'kulipira, peya yanu yapakati ilibenso ntchito, chifukwa muyenera kuposa onse awiri, ndipo wolipirayo sakuchita bluff.

Nanga pa mpikisano?

Pafupi ndi malo olandirira mphoto, chip yomwe mwaluza imapweteka kuposa momwe chip yomwe mwapeza imathandizira. Choncho kulipira beti yomwe ingakutulutseni kumafuna makhadi amphamvu kuposa momwe mtengo wa poto ukusonyezera. Mbali inayo n'njakuti ngati muli ndi ma chip ambiri kuposa mnzanu, bluff yanu imalemera, poti iye ndiye angapite kunyumba.

Kodi ndiyenera kuphunzira ndi solver?

Solver ndi pulogalamu ya pakompyuta yowerengera kaseweredwe kabwino koposa, ndipo mapulogalamu otere asintha kaseweredwe ka pa river. Mu January 2017, Libratus ya ku Carnegie Mellon University inagonjetsa akatswiri anayi pa masewera 120,000 ku Rivers Casino mu Pittsburgh, ndipo china chomwe chinawasokoneza chinali kukula kwa ma beti ake: ena aang'ono kwambiri, ena oposa poto kangapo. Kuchokera ku mapulogalamu oterewa n'komwe anthu anayamba kulemekeza beti yaing'ono ya woyamba kusewera.

Koma solver imaganiza kuti mnzanu amasewera mosalakwitsa. Amene mwakhala naye patebulo sali choncho. Ngati mukuyamba kumene, pepala ndi cholembera zikuthandizani kwambiri: mukamaliza kusewera, lembani river zitatu zomwe zinakuvutani, muwerenge njira zomwe makhadi a mnzanu akadapangikira monga tachitira ndi AK ija.

Tikafika poonetsa, ndani amayamba? Pali malamulo ena a patebulo oti ndisamale nawo?

Ngati panali beti pa river, amayamba kuonetsa ndi amene anabetcha kapena kukweza komaliza. Ngati nonse mwagogoda, lamulo lofala n'lakuti ayambe amene anali woyamba kusewera, kutanthauza inu. Malo ena ali ndi malamulo awoawo, choncho funsani wogawa musanakhale pansi. Wogonja atha kutaya makhadi ake osaonetsa, n'chifukwa chake woyamba amaulula zambiri za kaseweredwe kake kuposa womaliza.

Patebulo lenileni mawu anu amakumangani: mukati check, mwagogoda, ngakhale dzanja lili kale pa ma chip. Tchulani nambala musanakankhe kanthu, kapena kankhani zonse ulendo umodzi, chifukwa kuika pang'ono n'kubwereranso kukatenga zina sikuloledwa. Ndipo chip imodzi yaikulu mukaiponya osayankhula pomwe wina wabetcha kale, imawerengedwa ngati kulipira chabe, osati kukweza. Check-raise yomwe mwaikonzekera bwino ikhoza kuthera pamenepo, choncho nenani "raise" momveka musanasunthe chip.